Anawatcha Onama mu 1989, Lero Dzina Lawo Lili pa Jezi ya Man U

Ndili ndi mphwanga amene amakonda Manchester United ngati anachita kumulodza. Timu ikagonja nsima imamuwawa, ikapambana sitigona ndi phokoso. Tsiku lina anatulukira kunyumba atavala jezi yatsopano yofiira psuu, pachifuwa atalembapo kuti Snapdragon. Nditamufunsa kuti Snapdragon n'chiyani, anaweramira pachifuwa pakepo, n'kundiyankha mosaphethira kuti ndi chakumwa chopatsa mphamvu. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Chinthu chimene ankachiyesa chakumwacho chinali m'thumba mwake momwemo, mkati mwa foni imene amaonerapo zigoli.

Snapdragon ndi dzina la tizipangizo timene timayendetsa foni, ubongo wake tinene choncho, ndipo mwini wake ndi kampani ya ku America yotchedwa Qualcomm. Dzinali linakwera pa jezi ya Man U kuyambira nyengo ya mpira ya 2024/25. Ine ndikaliona pa kanema ndimamwetulira ndekha, chifukwa ndimakumbukira kumene eni akewo anachokera. Zaka 35 m'mbuyomo anthu omwewa ankagogoda pa zitseko za makampani a mafoni atanyamula mapepala a masamu, ndipo akuluakulu a ntchitoyi ankawayang'ana ngati munthu amene wabwera ndi nkhuku pa ukwati anthu atatsuka kale mbale.

Kampaniyi inabadwa mu Julaye 1985, pamene anthu asanu ndi awiri anakumana m'nyumba ya Irwin Jacobs ku La Jolla, m'mbali mwa nyanja mu mzinda wa San Diego. Jacobs anali mphunzitsi wa mainjiniya, ataphunzitsapo pa MIT ndi pa University of California. Mnzake Andrew Viterbi anali katswiri wa masamu a mauthenga, ndipo njira imene anatulukira mu 1967 yotolera uthenga pakati pa phokoso ikugwirabe ntchito mpaka lero. Nzeru zinalipo zosefukira. Chimene panalibe ndi katundu woti agulitse. Ofesi yawo yoyamba inali pamwamba pa lesitilanti ya pizza, ndipo ankadya za maganyu a kafukufuku, ambiri mwa iwo a boma.

Ndalama zooneka zinayamba kubwera mu 1988, ndipo zinachokera ku mathiraki. Anapanga makina otchedwa OmniTRACS, olola mwini mathiraki kudziwa pamene galimoto yake ili ndi kutumizirana mauthenga ndi dalaivala kudzera pa setilaiti. Kampani yaikulu ya mtengatenga ya Schneider National inagula, ndipo Qualcomm inapuma. Koma kwa anthu a mafoni, amenewa anali anyamata a mathiraki basi. Sanakhomepo nsanja ya netiweki ngakhale imodzi, sanagulitsepo foni ngakhale imodzi.

Pamenepo n'kuti makampani a mafoni ku America ali pa moto. Mafoni a m'manja anayamba kugulitsidwa kumeneko mu Okutobala 1983 ku Chicago, pa luso lakale lotchedwa AMPS. Pa luso limenelo munthu aliyense woimba ankatenga kanjira kakekake ka mafunde a wailesi, ndipo palibe wina akanadutsapo mpaka iye atadula foni. Choipa china, nsanja zoyandikana sizikanagwiritsa ntchito tinjira tofanana kuopa kusokonezana, choncho mafunde onse ankagawidwa pasanu ndi pawiri, nsanja iliyonse n'kulandira gawo limodzi. M'mizinda ngati Los Angeles ndi New York tinjira tinatha. Anthu ofuna mafoni anali mbwee, ndalama zili m'manja, koma malo owaikapo panalibe. Wamalonda aliyense akudziwa kupweteka kwake: makasitomala ali pa mzere, mashelefu ali mbee.

Mu 1988 bungwe la makampaniwa, CTIA, linanena poyera kuti likufuna luso latsopano lonyamula anthu ochuluka kakhumi kuposa lakalelo. Mu Januwale 1989 anasankha TDMA, njira imene anthu atatu amagawana kanjira kamodzi mosinthana, aliyense kulandira kamphindi kake mofulumira kwambiri moti khutu silizindikira. Ku Ulaya nakonso GSM inamangidwa pa nzeru yomweyo. Atatu si khumi, aliyense ankadziwa, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlandu unagamulidwa, akuluakulu anakung'untha fumbi, opanga makina anabwerera ku mafakitale kukayamba ntchito.

Patangopita masabata ochepa, anyamata a mathiraki aja anatulukira n'kunena kuti nonsenu mwalakwitsa.

Nzeru yawo inali CDMA. Jacobs amasimba kuti inamufikira ali pa galimoto, akuchokera ku msonkhano wa za setilaiti ku Los Angeles kubwerera ku San Diego. Muzu wake unali luso lakale la asilikali lomwaza uthenga pa mafunde otambalala kuti mdani asaumve kapena kuutchinga. Kuti timvetse, tiyerekeze chonchi. TDMA ili ngati bwalo la mfumu: mmodzi akamayankhula ena onse ali chete kudikira nthawi yawo. CDMA ili ngati depoti ya mabasi tsiku la malipiro. Onse akuyankhula nthawi imodzi pamalo amodzi, awa m'Chitumbuka, awa m'Chiyao, awo m'Chisena, koma khutu la Mtumbuka limatola mawu a mnzake pakati pa chiphokoso chonsecho, zinazo n'kumangomveka ngati mvula pa malata. Foni iliyonse imapatsidwa chinenero chakechake cha manambala, ndipo nsanja imadziwa kuchitola. Popeza onse ali pamalo amodzi, kugawa pasanu ndi pawiri kuja kumatha: nsanja iliyonse imagwiritsa ntchito mafunde onse.

Otsutsa anali ndi funso labwino, ndipo tisawanyoze. Bwanji pa depoti paja pakabwera chidakwa n'kumakuwa pakhutu pako penipeni? Foni imene ili pafupi ndi nsanja imamveka mwamphamvu kwambiri kuposa imene ili kutali, ndipo imodzi yokhayo ikhoza kumiza zina zonse. Akatswiri ambiri ankati vuto limeneli lilibe mankhwala otsika mtengo. Ndiye Qualcomm inathira tsabola pa chilonda polengeza kuti CDMA ikhoza kunyamula anthu ochuluka ka 40 kuposa AMPS. Makumi anayi! Ena anaseka, ena anakwiya. M'zaka zotsatira pulofesa wina wa ku Stanford anafika ponena kuti malonjezowo akusemphana ndi malamulo a sayansi, ndipo mkangano wonsewo atolankhani anautcha nkhondo yachipembedzo, chifukwa anthu ankakangana ngati nkhani ndi ya ubatizo.

Pakati pa 1989 Jacobs anakaima pamaso pa mamembala a CTIA n'kufotokoza masamu ake. Palibe amene anapeza polakwika. Palibenso amene anatulutsa cheke. Apa ndiye pamene ndimati panali Qualcomm yakale: aphunzitsi okhulupirira kuti ukalemba zoona pa bolodi, anthu aimirira n'kukutsata. Mkulu wa kampani ya mafoni sagula masamu. Iye akuganiza za ndalama zimene wamwaza kale, za mabwana ake, ndi za ntchito yake imene ithe ngati atabetcha pa kavalo wolumala.

Kusintha kunayamba pamene anasiya kulimbana ndi komiti yonse n'kufunafuna munthu mmodzi amene vutoli linkamusowetsa tulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthuyo anali PacTel Cellular, kampani imene inali ndi netiweki ya ku Los Angeles, mzinda wa anthu okhalira m'galimoto, kumene kudzaza kwa mafoni kunafika posauzana. Katswiri wawo wamkulu, William Lee, ankadziwa bwino kuti kuchulukitsa katatu kungowagulira zaka zochepa. PacTel inapereka madola 1 miliyoni ndiponso inabwereketsa nsanja zake ndi mafunde ake ku San Diego, n'kunena kuti tionetseni ndi maso. Nthawi imene anali nayo inali miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi.

Tsikulo linafika mu Novembala 1989, mwezi womwe khoma la ku Berlin linagwa. Alendo anabwera kuchokera ku makampani a mafoni ndi opanga makina, ambiri a iwo atabwera kudzaonerera maliro. Panali nsanja ziwiri ndi galimoto ya vani. Foni yake inali chimakina chodzaza kumbuyo kwa vaniyo, moti mawu oti foni ya m'manja akanakhala chipongwe. Jacobs anaima kutsogolo kulandira alendo ndi kufotokoza zimene akaone. Atatsala pang'ono kumaliza kuti anthu akakwere galimoto, anaona injiniya wake kumbuyo kwa chipinda akumukodola ndi manja: pitirizani kuyankhula, musaime! Makina a pa nsanja imodzi anali atasokonekera pa nkhani ya nthawi, imene ankaitenga ku setilaiti za GPS, ndipo anyamata anali kalikiliki kuwadzutsanso.

Ndimakonda kuganizira mphindi zimenezo. Bambo wa zaka 56, kampani yake yonse ili pa ulusi, akuyang'ana nkhope za anthu amene akufuna kuti alephere, ndipo ayenera kuyankhula ngati zonse zili bwino. Apa uphunzitsi uja unamupulumutsa. Ndani amadziwa kutalikitsa nkhani kuposa mphunzitsi? Anafutukula mfundo, anaitanitsa mafunso, anayankha mofatsa ngati alibe kopita, mpaka injiniya uja anatukula chala chachikulu. Alendo anakwera vani, anazungulira misewu ya San Diego, anaimba mafoni, ndipo mawu ankamveka mbee. Galimoto inachoka m'dera la nsanja ina kulowa m'dera la inzake foni osaduka.

Zinthu ziwiri zimene anaona m'vanimo ndi zimene zinagulitsa malonda. Choyamba, chidakwa chija anachipezera mankhwala: nsanja imauza foni iliyonse kuti kweza mawu kapena tsitsa mawu, ndipo pa muyezo umene unadzakhazikitsidwa imatero ka 800 pa sekondi imodzi, kuti mafoni onse, apafupi ndi akutali, azimveka mofanana. Phindu lina lobwera lokha linali loti foni yonong'ona sidya batire. Chachiwiri, foni ya CDMA imachita ngati pusi mumtengo, sisiya nthambi isanagwire inzake: imayankhula ndi nsanja ziwiri nthawi imodzi mpaka itakhazikika pa yatsopanoyo. Kwa mkulu amene tsiku lililonse ankalandira madandaulo a mafoni oduka pakati pa nkhani, chimenechi chinali nyimbo yokoma kuposa masamu onse a pa bolodi.

Otsutsa sanagone. Anati San Diego ndi mzinda wofewa, wa nyumba zazifupi, kayeseni pakati pa nyumba zosanjikizana kumene mafunde amagunda makoma n'kubwerera. Qualcomm yakale ikanalemba pepala loyankha. Qualcomm yatsopano inanyamula katundu ulendo wa ku New York, ndipo mu Febuluwale 1990, mothandizana ndi NYNEX, inazunguliranso ndi vani m'misewu ya Manhattan. Kumeneko kunaoneka chodabwitsa china: mafunde obwerera kuchokera ku makoma, amene kwa ena anali mdani, makina a CDMA ankawatola n'kuwaphatikiza kuti uthenga ulimbe. NYNEX ndi Ameritech analowa m'ngolo ndi ndalama zawo.

Apa pali nzeru imene ndimaiona kuti ndiyo mtima wa nkhani yonseyi. Qualcomm inazindikira amene ali ndi chikwama. Opanga makina akuluakulu analibe chifukwa chofunira CDMA, popeza anali atathira kale ndalama mu TDMA, ndipo kulipira kakampani ka ku San Diego chifukwa cha luso lake kunali konyansa kwa iwo. Koma opanga makina amamvera amene amagula makinawo. Makampani a mafoni atayamba kufunsa kuti kodi inu za CDMA muli nazo, nkhope zinasintha. Mu 1990 AT&T ndi Motorola anasaina mapangano ogwiritsa ntchito lusoli. Qualcomm sinawagonjetse pa mtsutso. Inangopita kwa makasitomala awo, makasitomalawo n'kuwakokera ku San Diego.

Kuchokera pamenepo ntchito yawo inali imodzi: kuchotsa chifukwa chilichonse chimene wogula angakanire. Mukuti foni yodzaza vani ndani angainyamule? Pofika kumapeto kwa 1991 chimakina chija chinali chitafinyidwa kukhala tizipangizo tochepa, ndipo anayesa netiweki yokulirapo pamaso pa makampani omwewo. Mu Disembala chaka chomwecho Qualcomm inayamba kugulitsa masheya ake pa msika. Mukuti si muyezo wovomerezeka? Anakhala m'makomiti mpaka mu Julaye 1993 CDMA inavomerezedwa pa dzina loti IS-95. Mukuti palibe amene akupanga mafoni ake? Mu 1994 anagwirizana ndi Sony n'kutsegula fakitale ya mafoni ku San Diego konko. Makina a pa nsanja nawo anayamba kupanga okha. Makampani atadandaula kuti akufuna mawu omveka ngati a foni ya waya, anakonza njira yatsopano yonyamulira mawu, ngakhale kuti inkadya malo ambiri n'kuchepetsa chiwerengero chimene ankanyadira chija. Aphunzitsi amene kale ankafuna kupambana mtsutso tsopano ankafunsa kuti bwana, chikukuletsani kusaina n'chiyani, n'kupita kukachichotsa.

Koma chimene chinawapulumutsa kwenikweni chinachokera kutsidya kwa nyanja. Dziko la South Korea linkafuna kukhala ndi mafakitale akeake a zamafoni m'malo momangogula kwa Azungu ndi Ajapani. Pa GSM akanakhala ochedwa, otola zotsala za Ericsson, Nokia ndi Siemens. Kwa iwo Qualcomm inaimba nyimbo ina: nali luso limene palibe wamkulu amene walidziwa kale, mukalowa lero muyambira pamzere umodzi ndi aliyense. Mu 1991 bungwe la boma la kafukufuku, ETRI, linasaina pangano logwirira ntchito limodzi, ndipo mu 1993 boma linasankha CDMA kukhala muyezo wa dziko lonse. Samsung, LG ndi Hyundai anavula majekete. Netiweki yoyamba yogulitsa CDMA inatsegulidwa ndi Hutchison ku Hong Kong kumapeto kwa 1995, ndipo mu Januwale 1996 Korea inayatsa yake ku Incheon ndi Bucheon. Aliyense wonena kuti zimenezi zimangogwira m'vani ya aphunzitsi tsopano ankauzidwa kuti kwerani ndege mukaone anthu akuimba. Amene muli ndi Samsung m'manja, dziwani kuti ukulu wa kampaniyo pa mafoni unaphukira pa munda umenewu.

Ku America nako mphepo inatembenuka. Boma linagulitsa mafunde atsopano pa okushoni imene inatha mu Malichi 1995, makampani n'kulipira madola oposa 7 biliyoni. Munthu amene walipira ndalama zotere pa munda amafuna mbewu yobereka kwambiri pa ekala. Chaka chomwecho PrimeCo ndi Sprint, awiri mwa ogula akuluakulu, anasankha CDMA.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda ngati madzi. Manetiweki anachedwa, ya ku Los Angeles inavutitsa, ndipo mu Seputembala 1996 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba nkhani ya patsamba loyamba yofunsa ngati makampani sanabetche mabiliyoni pa lilime lokoma la Jacobs. Makumi anayi aja sanaoneke m'misewu yeniyeni, ndipo ngakhale eni ake anatsika n'kumanena za 10 mpaka 20. Ine ndimati pamenepa anakokomeza, ndipo akanapanda kukhala ndi chinthu chenicheni kumbuyo kwa mawuwo, mbiri ikanawalemba pa mndandanda wa akathyali. Mwayi wawo unali woti ngakhale atachotsera zokokomezazo, chotsalacho chinkaposabe katatu ka TDMA. Kumapeto kwa 1996 PrimeCo ndi Sprint anayatsa manetiweki awo, mafoni analira, ndipo nkhani ya malamulo a sayansi inazilala yokha ngati moto wa mapesi.

Tsopano tiyeni tione anyamata a pamwamba pa pizza aja atasamba. Mu 1997 analipira madola 18 miliyoni kuti bwalo lalikulu la masewera la mu San Diego lizitchedwa Qualcomm Stadium kwa zaka 20. Mu Januwale 1998 masewera aakulu kwambiri a mpira wa ku America, Super Bowl, anachitikira pomwepo, ndipo dzina limene zaka khumi m'mbuyomo linkadziwika ndi madalaivala a mathiraki okha linamveka m'nyumba za anthu mamiliyoni.

Koma chaka chokoma kwambiri chinali 1999, ndipo gawo ili ndimalisimba ndikumwetulira. Ericsson ya ku Sweden, chimphona cha GSM, inali pakati pa otsutsa CDMA mokweza kwambiri, ndipo makampani awiriwa anali akukokana m'makhoti kuyambira 1996 pa nkhani ya umwini wa luso. Pamene dziko linkakonza m'badwo wachitatu wa mafoni, 3G, akatswiri a ku Ulaya ndi ku Japan anaunguza njira yabwino yonyamulira intaneti pa foni, ndipo anakafika pa chiyani? Pa CDMA yomweyo, yotambalala, n'kuitcha WCDMA. Mu Malichi 1999 Ericsson inathetsa milandu, inavomera kugawana ziphaso za luso ndi Qualcomm, ndipo, gwirani mpando, inagula nthambi ya Qualcomm yopanga makina a pa nsanja a CDMA. Amene dzulo ankati nyama iyi ndi yowola anabwera ndi mbale yake kudzagula, n'kugula ndi mpeni womwe. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Chaka chimenecho mtengo wa masheya a Qualcomm unakwera kuposa ka 25, kuposa kampani ina iliyonse pa mndandanda wa S&P 500. Kumapeto kwa chakacho analengeza kuti bizinesi ya mafoni ija aigulitsa kwa Kyocera ya ku Japan. Taonani kuchenjera kwake. Mafoni ndi makina a pa nsanja sanawapange chifukwa chowakonda. Anali makwerero oti wogula akwerepo, ndipo msika utaima pawokha anawagulitsa n'kutsala ndi ziwiri zonona: kupanga tizipangizo ta mkati mwa foni, ndi kutolera msonkho wa luso lawo pa foni iliyonse yogwiritsa ntchito CDMA, umene kwa zaka zambiri unali pafupifupi 5 pa 100 iliyonse ya mtengo wa foniyo. Anasiya kupikisana ndi makasitomala awo, n'kukhala pa mlatho pamene onse ayenera kudutsa.

Wina anena kuti komatu GSM ndi imene inapambana, ndipo pa chiwerengero cha anthu akunena zoona. Mayiko ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno, anayenda ndi GSM ndi timakhadi take ta SIM. CDMA yoyambirira ija inakafika ku China kudzera mwa China Unicom mu 2002, ku India kudzera mwa Reliance ndi Tata, ndipo ku Malawi amene anagwiritsapo mafoni opanda waya a MTL kapena a Access anailawa osadziwa dzina lake. Koma tsiku limene foni yanu ya TNM kapena Airtel inayamba kuonetsa 3G pakona, munali mutalowa m'depoti ya zinenero zambiri ija. Nzeru imene inakanidwa pakhomo mu 1989 inalowera pazenera m'nyumba za onse amene anaikana.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo zina mwa nkhonyazo anaziputa okha. Kakampani kamene kankalira kuti akuluakulu akukatsekera kunja kanadzakhala mkulu amene ena akumulira. Mu Febuluwale 2015 boma la China linawalipiritsa madola 975 miliyoni chifukwa cha mmene ankatolera msonkho wa luso lawo. Mu Disembala 2016 South Korea yomwe ija, bwenzi la pa mavuto, inawatchaja mawoni oposa 1 thililiyoni pa nkhani yofanana. Apple inakokana nawo m'makhoti kuyambira 2017 mpaka anagwirizana mu Epulo 2019. Pamenepa sindiwaombera m'manja. Msonkho wa pa mlatho umakathera pa mtengo wa foni, ndipo amene amaumva kwambiri ndi wogula wa ndalama zochepa. Mafoni ambiri otsika mtengo amene ali m'misika yathu, a Tecno ndi Itel, mkati mwake mumapezeka tizipangizo ta MediaTek kapena Unisoc, osati ta Qualcomm.

Chimene sindingawalande ndi chakuti phunziro la m'vani lija sanaliiwale, ngakhale pamene linawatembenukira. Pofika nthawi ya 4G, makampani a mafoni anaonetsa kuti akufuna LTE, imene simayenda pa CDMA. Qualcomm inali ndi luso lakelake lopikisana nalo, lotchedwa UMB. Anthu amene anamenya nkhondo yachipembedzo zaka khumi akanatha kuumirira. Iwo anali atagula kale kampani ya Flarion, akatswiri a njira yatsopanoyo, pa pangano limene linalengezedwa mu 2005, ndipo mu Novembala 2008 anataya UMB n'kutsata kumene ogula akupita. Chaka chomwecho foni yoyamba ya Android, HTC Dream, inatuluka ndi kachipangizo ka Qualcomm mkati. Dzina la Snapdragon linali litabadwa kale.

CDMA yeniyeniyo, mwana woyamba uja, inagona. Verizon, imene inalowa chokolo cha PrimeCo, NYNEX ndi PacTel yakale ija, inazimitsa netiweki yake ya CDMA pa 31 Disembala 2022. Bwalo lija la ku San Diego linagwetsedwa, ndipo pamalo pomwepo panamangidwa lina latsopano limene linatsegulidwa mu 2022. Dzina lake ndi Snapdragon Stadium.

Mphwanga uja ndinamusimbira zonsezi tikudikira mpira, ndipo anamvetsera mpaka pa nkhani ya Ericsson, pamene anaseka n'kunena kuti amalume, ndiye kuti anthu amenewa ndi a Man U enieni, ogoletsa m'mphindi zomaliza. Kenaka anatsegula foni yake, n'kufufuza dzina la kachipangizo kake, n'kulipeza, n'kukhala chete akuyang'ana foni ndi jezi mosinthana. Tsiku limenelo timu yake inagonja. Jeziyo aivalabe kwa nthawi, chifukwa pangano la Snapdragon ndi Manchester United linawonjezeredwa mpaka 2029.